Mutu 5: Minga ya Bulu Pachitseko cha a Thanasis

1. Tsiku Loyamba la Meyi

Kwathu kuno, ukagona mpaka dzuwa kutuluka pa tsiku loyamba la Meyi, anthu amakuseka chaka chonse. Tsikuli aliyense amalawirira kuphiri kukathyola maluwa, chifukwa pofika nthawi ya khofi wam'mawa chitseko chilichonse chimayenera kukhala ndi nkhata yake. Nkhatayo timangoitcha kuti Meyi. Ikapachikidwa imakhala pomwepo, kufota n'kuuma, mpaka tsiku la Yohane Woyera kumapeto kwa Juni, pamene timazisonkhanitsa zonse pabwalo la tchalitchi n'kuziwotcha.

Chaka chimenecho, kunyumba kwa a Thanasis, mmisiri womanga ndi miyala, ntchito yoluka Meyi inagwera mwana wawo wamng'ono, Fotini, wa zaka khumi ndi zinayi. Mayi ake anali atamwalira zaka zitatu zapitazo. Woyenera kuluka anali mkulu wake, Argiro, koma Argiro analibe mpata. Kuyambira dzulo lake anali akukolopa, kupaka laimu pamasitepe, ndi kupukuta timakapu ta khofi tomwe tinali toyera kale.

Chifukwa chake mudzi wonse unkachidziwa. Masana a tsikulo mayi Kaliopi, a nyumba yoyandikana nayo, ankabwera kudzapereka mawu oti mwana wawo Lefteris akwatire Argiro. Mayiwo anakhala akukana kwa zaka ziwiri. Ankati mwana wawo, amene amagwira ntchito m'sitima zikuluzikulu za katundu, angathe kupeza mkazi wa mumzinda. Lefteris anawanyengerera mpaka anafewa, koma nthawi inali itatha. Pa 10 Juni sitima yake inkanyamuka, ulendo wa chaka ndi theka. Mawu akanapanda kuperekedwa iye asanachoke, mayi Kaliopi akanakhala ndi chaka ndi theka choti asinthe maganizo. Ife owadziwa tinkati sabata imodzi ikanawakwanira.

Nyumba ziwirizi zili kumapeto kwa kanjira kokwera. Kumanja kwa khomo la a Thanasis kuli nyumba ya mayi Kaliopi yokha. Kupitirira apo kuli thanthwe basi.

Fotini anali ndi chake mumtima. Loweruka lapitalo, ali pamzere kwa wophika buledi, anamva mayi Kaliopi akucheza ndi anzawo, osadziwa kuti iye ali kumbuyo kwawo.

"Wamkuluyo bola, ndingopirira," anatero mayiwo. "Koma nyumba ija inapita limodzi ndi mwini wake. Munaiona Meyi yawo chaka chatha? Ngati chisa cha khwangwala chitagwa mumtengo! Malemu aja anali ndi manja, koma anapita nawo kumanda. Ana sanawasiyireko ngakhale chala."

Amayi enawo anaseka. Amene analuka Meyi ya chaka chathayo anali Fotini, ndipo inali yoyamba kupachikidwa pakhomopo atatha kulira maliro a mayi ake. Zimene anamvazo sanauze munthu.

2. Zimene Ananena Azakhali

M'nyumbamo munkakhalanso a Stamatia, mlongo wa a Thanasis, telala wa m'mudzimo, amene anasamukiramo maliro atatha. Mmawa umenewo anali atagwada pansi, akupinda mpendero wa diresi la Argiro, mapini ali kukamwa. Ataona Fotini akutenga dengu, anachotsa mapiniwo limodzilimodzi.

"Taima pomwepo iwe, usanaulukire kuphiri. Lero chitseko chathu chiwerengedwa ngati kalata, ndiye undimvetsere.

"Mkombero uluke ndi nthambi za mpesa, zanthete, uzipote katatu. Waya ayi, waya ndi wa aulesi. Maluwa uzimanga timitolo ting'onoting'ono, katatu kapena kanayi, ndipo kamtolo kalikonse kaziphimba mapesi a kanzake. Ulusi uzikoka kolimba, chifukwa maluwa akauma amachepa ndipo amapulumuka. Uikemo ngala zitatu za tirigu kuti m'nyumba musasowe buledi. Uikemo mutu wa adyo, wotchinga diso la ansanje. Ofiira aja omera mu tirigu usawadalire. Ndi okongola pothyola, koma dzuwa likangowakhudza amavula. Ngati ukuwafuna, uwotche kunsonga kwa mapesi awo ndi machesi."

"Zonsezo ndikuzidziwa, Azakhali."

"Chotsalachi ndiye suchidziwa. Minga ya mdani. Meyi iliyonse imakhala nayo, koma imakhala kamunga kamodzi, kochepa ngati chikhadabo, pansi penipeni, koloza kunthaka. Ukudziwa chifukwa chake kamaloza kunthaka? Chifukwa mdani wa m'nkhata alibe dzina. Ndi matenda, ndi chilala, ndi mphepo ya panyanja. Ukangokaloza ku nyumba ya munthu, wamupatsa dzina, ndipo mudzi wonse uwerenga.

"Ine ndili mtsikana, mkazi wa wopera tirigu analoza minga ku nyumba ya mlamu wake. Mlandu wake unali wa nkhuku imodzi yomwe inafukula anyezi. Mawa lake mkwiyo unali utatha, mayiyo anayambanso kuseka, koma minga inali pomwepo. Meyi sichotsedwa, sisinthidwa, sizulidwa ngakhale tsamba. Mlamu wakeyo ankadutsa pakhomopo mmawa ndi madzulo kwa masiku makumi asanu ndi mphambu zinayi. Tsiku la Yohane nkhata inapsa, koma awiriwo anakalamba mpaka kufa osapatsana moni. Mawu oipa ukalankhula, mphepo imatha kuwauluza, mawa n'kupepesana. Koma ukawaluka n'kuwapachika pamsomali, umadzuka nawo tsiku lililonse. Wandimva?"

"Ndamva, Azakhali."

"Wamva ndi makutu, kapena wamvadi? Nkhope yakoyi yakhala ikundiuza zina sabata yonse."

Fotini anatenga ulusi, mpeni ndi machesi, n'kutuluka.

3. Kuphiri

Phiri linali litadzaza anthu ndi madengu. Aliyense wokumana naye ankati, "Mwezi wabwino!" ndipo Fotini ankabweza moniwo osakweza maso.

Anayamba bwino. Anadula nthambi za mpesa m'mphepete mwa munda wa bambo ake. Anathyola timaluwa toyera ta pakati pachikasu, achikasu onunkhira a m'zitsamba za m'matanthwe, ndi obiriwira ngati thambo omera m'mbali mwa makoma. Ngala za tirigu anapempha kwa mwini munda, monga kuyenera.

Pachitsime anapeza atsikana atatu a m'kalasi mwake akunyowetsa maluwa awo. Mmodzi wa iwo, Vangelio, mwana wa wophika buledi uja, anagwira mnzake pachigongono.

"Fotini, mwezi wabwino! Nanga chaka chino khwangwala aikira mazira angati pachitseko chanu?"

Onse atatu anafa nacho chiseko.

"Iwe Vangelio, Meyi yanu amakulukirani ndi agogo ako, iwe ntchito yako ndi kudya zotsala m'thireyi," anatero Fotini. Koma atsikanawo anaona kuti zamulasa.

Tsopano anadziwa kuti mawu a mayi Kaliopi sanathere pamzere paja. Anali atalowa m'nyumba iliyonse. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anakwera mtunda yekha mpaka kukhoma lakugwa la khola la nkhosa.

Pamenepo m'pamene pankamera minga ya bulu. Ndi chitsamba chachitali kufika m'chiuno, cha duwa lofiirira lokhala pamutu waminga yokhayokha. Mbuzi zimachilambalala, bulu yekha ndiye amachidya. Palibe munthu wamutu wake amene amachiika m'Meyi.

Fotini anachiyang'ana kanthawi. Kenako anakulunga dzanja ndi epuloni, n'kudula mutu waukulu kuposa yonse, wofanana ndi chibakera cha bambo ake. Minga inaboola nsalu n'kumubaya m'zala, koma sanausiye.

Anakhala pansi pa mtengo wa azitona n'kuyamba kuluka. Ndinene zoona, mwanayu chaka chino manja ake anali atakhwima. Mkombero unatuluka wozungulira bwino. Timitolo tinagonerana mwadongosolo, toyera, tachikasu, tobiriwira, popanda phesi looneka. Tirigu anamuika pamwamba, adyo kumanzere, ndipo pansi penipeni anamangapo kamunga kochepa ngati chikhadabo, koloza kunthaka.

Mutu wa minga ya bulu anaumangirira kumanja, nsonga zake zitaloza kunja. Anaukulunga ulusi kasanu ndi kawiri. Kenako anathyola maluwa ofiira aja mu tirigu, odzaza manja awiri, n'kuwaunjika pamwamba pake mpaka minga yonse inabisika.

"Palibe adzadziwe," anatero mokweza, ngakhale anali yekha. "Koma ine ndizidziwa kuti ilipo, ndipo ikuwaloza."

Belu la tchalitchi linalira eyiti koloko. Machesi aja anali m'thumba la epuloni, osatsegulidwa. Fotini ananyamula dengu n'kutsika phiri chothamanga.

4. Msomali

A Thanasis anali atatulutsa kale mpando pakhomo. Anali atameta ndevu, atavala malaya a ku tchalitchi, ndipo kolala inkawasowetsa mtendere. Analandira nkhatayo ndi manja awiri, n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Stamatia! Argiro! Tabwerani mudzaone."

Argiro anatuluka ufa uli m'manja. "Mayo ine, Fotini! Yoposa ya aliyense m'kanjira kano."

A Stamatia anavala magalasi. Anaona tirigu, anaona adyo, anawerama n'kupeza kamunga kapansi kaja. Anagwedeza mutu movomereza.

"Ofiirawa bwanji achulukira mbali imodzi? Wawawotcha?"

"Eya, Azakhali."

A Thanasis anakwera pampando. Msomali wa Meyi unali pamalo ake a chaka ndi chaka, pamwamba pa chitseko. Asanakoleke anayang'ana pansi.

"Mwananga, awa ndi manja a mayi ako enieni. Akanakhalapo akanalira." Anakweza nkhatayo pafupi ndi msomali. "Tsopano tamvera. Ine ntchito yanga ndi ya miyala. Mwala ndimautembenuza kangapo usanakhale pakhoma, chifukwa ukakhala, ena amabwera pamwamba pake ndipo suchokanso. Nkhatayi ndi chimodzimodzi. Ndikaikoleka apa, yatha mpaka tsiku la Yohane. Ngati pali choti uchotse kapena kuwonjezera, nthawi yake ndi ino. Ndiitsitse?"

Fotini anayang'ana maluwa ofiira aja. Anayang'ana Argiro, amene ankamwetulira ngati mwana. Pakamwa pake panatseguka pang'ono.

Nthawi yomweyo zenera la mayi Kaliopi linatseguka, mayiwo n'kukutumula kansalu ka patebulo. Sanapereke moni.

"Palibe, Ababa," anatero Fotini. "Kolekani."

5. Dzuwa Lafika Pachitseko

Chitseko cha a Thanasis chimayang'ana kummwera. Mmawa chimakhala pamthunzi, koma kuyambira leveni koloko dzuwa limachiwomba mwachindunji. Onse a m'nyumbamo anali m'kati, wina akudula buledi, wina akukonza timbale ta malalanje ophika mu shuga. Palibe anatuluka.

Belu la masana litangolira, mayi Kaliopi anatsika kanjirako atavala diresi lawo la pa Pasaka, chikwama chakuda chili pamkono. Lefteris anali pambuyo pawo ndi bokosi la makeke, tsitsi atalinyowetsa mpaka kunyezimira. Mazenera onse a m'kanjirako anali otsegula, ndipo kuseri kwa katani iliyonse kunali munthu amene ankati akupukuta fumbi.

A Thanasis anatsegula chitseko. "Takulandirani, mayi Kaliopi. Mwezi wabwino. Lowani, nyumba ndi yanu."

"Mwezi wabwino, bambo Thanasis."

Mayiwo anali atatulutsa kale kampango koyera m'chikwama. Munali mphete ya malemu apongozi awo, yomwe ankayenera kumuveka Argiro. Anaponda sitepe yoyamba, n'kuima. Pa laimu woyera uja panali patadzaza timasamba tofiira. Anakweza maso pang'onopang'ono.

Maluwa ofiira onse anali atavula. Panatsala timapesi tolendewera, ndipo pakati pake minga ya bulu inali poyera, yaikulu, nsonga zake zitaloza ku nyumba imodzi yokha ya mbali imeneyo.

A Thanasis anatuluka n'kuyang'ana m'mwamba, nkhope yawo n'kugwa. A Stamatia anagwira pakamwa.

"Kodi kumanjaku kwasamukira anthu ena, ine osadziwa?" anafunsa mayi Kaliopi. "Kapena mwayambana ndi thanthwe?"

"Amayi, ndi maluwa chabe awa," anatero Lefteris. Anaika bokosi pansi n'kutambasula dzanja. "Ndingozula, nkhani ithe."

Mayi ake anamumenya padzanja. "Usakhudze! Ukufuna ukakwere sitima utathyola Meyi ya eni? Ndinakwirira bambo ako opanda mtembo, bokosi lopanda kanthu. Nawenso ukufuna nyanja ikudye?"

Fotini anatulukira kumbuyo kwa azakhali ake, akulira. "Ndine, mayi! Ndaika ndine, Achemwali sakudziwa chilichonse. Ndichotsa ndekha!"

Analumphira pampando uja, koma bambo ake anamugwira pamkono n'kumutsitsa.

"Ndinakufunsa, Fotini. Yapachikidwa, yapachikidwa. Mnyamatayu akupita panyanja. M'nyumba muno palibe aikhudze."

"Ndiye tilowere kukhitchini, Amayi," anatero Lefteris, thukuta lili kamukamu. "Khomo lakumbuyo lilibe nkhata."

"Ine ndilowere kukhitchini? Ndine mbuzi? Ndabwera kudzapereka mwana wanga mmodzi yekhayo, ndiye ndizembere kuseri anthu onsewa akuona?" Mayiwo anatembenukira kwa a Thanasis. "Bambo, ine ndadutsa m'zambiri, koma pansi pa ichi sindidutsa. Mukadzaiwotcha pa tsiku la Yohane mudzandiitane, ndidzaona ngati miyendo idzalole."

"Amayi, tsiku la Yohane ndi pa 24! Ine ndikunyamuka pa 10!"

"Masiku ndimawadziwa, ndinakubala ndine."

Anabwezera kampango kaja m'chikwama, n'kutseka. Kulira kwa loko wa chikwamacho kunamveka mpaka kumazenera. Anakwera kanjirako osacheuka. Lefteris anayang'ana Argiro, amene anali chiimire m'kati mwa khomo ndi diresi lake latsopano, kenako anatsatira mayi ake akuwachonderera. Bokosi la makeke linatsala pasitepe.

6. Khofi Waphikidwa Kale

A Thanasis anatseka chitseko, n'kumasula kolala. Sanakalipe. Anakakhala pampando wawo n'kumayang'ana manja awo.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa a Stamatia. "Ndinakuuza ndi pakamwa panga pano. Unandinamizanso za machesi."

Fotini anafotokoza zonse, za pamzere wa buledi, za chisa cha khwangwala, za manja opita kumanda, za atsikana a pachitsime. Ankayembekeza kuti Argiro akamva amumvera chisoni.

Argiro anamvetsera mpaka kumapeto. Maso ake anali ofiira, koma mawu anali osakwera.

"Ndiye zimenezo basi? Fotini, ukuganiza kuti ine ndilibe makutu? Zaka ziwiri ndakhala ndikumva zoposa pamenepo. Ananena kuti ndine wakuda m'zikhadabo. Ananena kuti ndikufuna mwana wawo chifukwa cha katundu wa m'sitima. Ananenera pamaso panga, patchalitchi. Ndinameza zonsezo chifukwa Lefteris ndimamukonda, ndipo ndinkadikira tsiku la lero. Iwe walephera kumeza kamodzi kokha. Mtima wako waupepuza, koma chaka ndi theka chija ndichisenza ndine."

"Pepani, Achemwali. Ndimafuna kuwabwezera chifukwa cha Amayi."

"Amayi usawaikemo. Amayi akakwiya ankapita kukagogoda n'kunena."

Fotini analira mpaka mapewa kugwedezeka. Chisoni chake chinali chenicheni, koma sichikanatha kutsitsa nkhata pamsomali.

Argiro analowa kukhitchini. Khofi anali ataphikidwa kale. Anathira m'timakapu tiwiri, n'kuika pa thireyi pamodzi ndi timbale tiwiri ta malalanje ndi matambula a madzi ozizira. Anabwera nayo n'kuiika m'manja mwa mng'ono wake.

"Iwo akana kulowa pakhomo pathu. Sanakane kuti iwe ulowe pawo. Pita."

"Ndekha? Ndikanene chiyani?"

"Ukanene zimene unamva ndi zimene wachita, zonse ziwiri. Akakuthamangitsa, ubwere ndikuthirire wina, upitenso."

A Stamatia anamupukuta misozi ndi nsonga ya epuloni, popeza manja ake onse anali pa thireyi. "Usakakhetse, usakayankhe mwamwano, ndipo usakaname ngakhale kamodzi. Akatukwana uime pomwepo mpaka amalize."

A Thanasis anadzuka n'kumutsegulira chitseko.

Mazenera aja anali akadali otsegula. Fotini anakwera kanjirako timakapu tikugundana pa thireyi, zala zobayidwa zija zikumuwawa. Atafika pakhomo pa mayi Kaliopi anasowa dzanja logogodera, ndiye anagogoda ndi nsonga ya nsapato.

M'kati mkangano unaleka. Anamva mapazi a Lefteris, kenako mawu ake: "Amayi, ndi wamng'ono uja. Wabwera ndi khofi."

Khofi anayamba kutayikira pa thireyi.

"Mutsegulire," anatero mayi Kaliopi. "Iwe utuluke, ukaime panja. Ameneyu ndikufuna andiyang'ane m'maso tili awiri."